Miyendo ilipo ku Dowa, chikusowa ndi wotchi

Ndili ku sekondale, amalume ankandiperekeza pa njinga kuchokera kumudzi kwathu, kufupi ndi Mponela. Chikwama kutsogolo, ine pakaliyala, iwo akupalasa zitunda osatsika. Tikayandikira geti la sukulu ndinkati, "Amalume, munditsitse pompano, ndiyenda ndekha." Chifukwa chake ankachidziwa, koma sanandifunsepo. Ndinkachita manyazi kuti anzanga andiona pa njinga yomwe mawa lake inyamule matumba a makala.

Manyaziwa ndinawakumbukira pa 1 July 2024, nditaona pa foni Biniam Girmay wa ku Eritrea akupambana mumzinda wa Turin. Anali munthu wakuda woyamba wa ku Africa kupambana gawo la Tour de France, mpikisano waukulu kwambiri wa njinga padziko lonse. Anapambananso magawo ena awiri, n'kumaliza atavala jezi yobiriwira, ya amene watolera mapointi ambiri. Mu 2022 anali atapambana kale Gent-Wevelgem ku Belgium komanso gawo limodzi la Giro d'Italia, kumene chitsekero cha botolo la vinyo chinamuthudzulira m'diso pachikondwerero mpaka anausiyira panjira mpikisanowo.

Anzanga pa hositelo amati chinsinsi chake ndi mapiri akwawo. N'zoona, Asmara, komwe anabadwira mu 2000, ili pamtunda wopitirira mamita 2,300. Koma amene wayendapo msewu wa Mponela kupita ku Ntchisi, kapena kutsetsereka ku Mvera n'kubwerera, akudziwa kuti zitunda sitizisowa. Anyamata amazikwera tsiku ndi tsiku ndi matumba a mtedza, mabelo a fodya kapena munthu wa kabaza kumbuyo, pa njinga yopanda magiya.

Chimene Girmay anali nacho ndi mpikisano wapakhomo. Njinga inafika kwawo ndi atsamunda a ku Italy, ndipo mpikisano wozungulira dzikolo unayamba mu 1946. Ku Asmara amatseka misewu kumapeto kwa sabata kuti achinyamata apikisane, anthu atadzaza m'mbali. Mwana wothamanga amadziwika msanga. Ali ndi zaka 15, mu 2015, mnzake wakwawo Daniel Teklehaimanot anavala jezi ya madontho ofiira ya katswiri wokwera mapiri mu Tour de France. Pofika 2018, Girmay anali akuphunzitsidwa ku World Cycling Centre ku Aigle, m'dziko la Switzerland. Kuti afike kumeneko, panali wina amene ankalemba nthawi yake papepala.

Kwathu kuno amalemba ndani? Ife ophunzira, amene timatha kulemba, ndife oyamba kuinyoza njinga. Loto la womaliza digiri ndi kutsika pa njinga n'kukwera galimoto, ngakhale yangongole. Tikakumana ndi wamakala pamsewu wa M1 timangoona munthu wotchinga njira.

Sindikunena kuti aliyense wonyamula makala ndi Girmay. Mphamvu yokankha katundu ndi ina, luso lothamanga pakati pa gulu la njinga zoposa zana ndi lina, ndipo limaphunziridwa munthu akadali wamng'ono. Sindikusirira boma la Eritrea ayi, achinyamata ambiri analithawa dzikolo. Ndikudziwanso kuti wakabaza akasiya ntchito Loweruka, Lamlungu kunyumba sadya ndiwo. N'chifukwa chake mpikisano wopatsa anthu malaya ndi satifiketi ndi wongowatayitsa nthawi.

Chimene ndikufuna n'chaching'ono. Mpikisano wa mwezi ndi mwezi kuchokera pa Mponela kukafika pa boma la Ntchisi, pa njinga wamba, anyamata ndi atsikana osakwana zaka 17 atakhala ndi gulu lawolawo. Aliyense womaliza alandire ndalama yosachepera imene akanapeza tsikulo. Apolisi atchinge msewu, amalonda a pa Mponela asonkhe mphoto, ife ophunzira tigwire wotchi ndi buku. Pakatha zaka ziwiri, bukulo lidzakhala ndi mayina ndi manambala oti n'kuwaonetsa kwa mphunzitsi wa njinga aliyense, kaya ku Lilongwe kaya ku Kigali, komwe mpikisano wa dziko lonse unachitikira mu September 2025, koyamba mu Africa.

Patchuthi chapitachi ndinawafunsa amalume kuti ankatenga nthawi yaitali bwanji kuchokera pa Mponela kukafika ku Ntchisi ali mnyamata, opanda katundu. Anaganiza kanthawi, akusisita bondo lomwe masiku ano limawavuta. "Ndikanyamuka tambala wachiwiri," anatero, "ndinkafika dzuwa lisanatenthe."