Zotsalira za khofi ndi tiyi zipite ku dimba, osati kudzala

Kuseri kwa nyumba zambiri kuno ku Domwe kuli dzala limene timatayamo zonse pamodzi: makoko a mbatatesi, masamba a kabichi, mapulasitiki, masamba a tiyi ndi zotsalira za khofi. Mvula ikayamba mu Novembala, dzalalo limanunkha ndipo ntchentche zimaswana. Ntchentche zomwezo zimadzera kuchimbudzi n'kudzatera pa nsima ya ana. Tisaiwale kuti mu 2023 kolera anavuta m'chigawo chathu cha Tete, ndipo kwa anansi athu ku Malawi anapha anthu oposa 1,700 kuyambira mu 2022. Madzi abwino ndi chimbudzi ndiye chitetezo choyamba, koma pakhomo pauve pamaitana matenda otsekula m'mimba.

Maganizo athu ndi akuti chilichonse chowola chichoke kudzala, chipite pa mulu wa manyowa a kompositi.

Chifukwa chachiwiri ndi ndiwo. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, mtengo wa feteleza unakwera kwambiri. Banja likapeza thumba limodzi, limathira chimanga ndi mbatatesi zogulitsa, ndipo kadimba ka pakhomo kamatsala opanda kanthu. Komatu m'kadimba komweko ndi momwe mumachokera mpiru, nkhwani ndi bonongwe, zimene zimapatsa mwana vitamini A ndiponso zimathandiza magazi a mayi woyembekezera.

Wina anganene kuti, "Khofi ndi wa anthu a ndalama, kuno timamwa tiyi." N'zoona, ndipo khofi wosungunuka wa m'chitini sasiya kanthu m'kapu. Koma kumalo ogulitsira zakumwa ku Ulongwe, amene amaphika khofi wogaya amataya zotsalira zake. Kazipempheni. Masamba a tiyi nawonso amagwira ntchito yofanana. Pa magawo 100 a zotsalira za khofi, pafupifupi awiri ndi nayitrojeni, chakudya cha mbewu chimene timagula m'thumba la Urea. Urea ali ndi magawo 46, choncho khofi sangalowe m'malo mwa feteleza wa munda wonse. Ubwino wa manyowa ndi wakuti amafewetsa nthaka ndi kuisungitsa chinyontho, zimene feteleza sachita.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Sankhani malo a mthunzi, kutali ndi chitsime ndi khitchini. Mulu ukhale mita imodzi m'lifupi ndi mita imodzi kutalika. Pansi yalani zouma monga mapesi odula, udzu ndi makoko a nyemba kapena soya. Pamwamba pake ikani zaziwisi: makoko a nthochi ndi mbatatesi, masamba, tiyi ndi khofi. Kenaka thirani ndowe za ng'ombe, za mbuzi kapena zitosi za nkhuku, phulusa pang'ono ndi dothi. Wazani madzi, ndipo bwerezani mpaka mulu utakwana. Mukafinya m'dzanja pazimveka chinyontho, koma madzi asamachite kuyenderera.

Zikani ndodo pakati. Pakatha masiku angapo izuleni: ikatentha, ndiye kuti zikupsa bwino. Kutenthako kumapha tizilombo tambiri ndi njere za udzu. Tembenuzani mulu pakatha masabata awiri kapena atatu alionse. Pa miyezi iwiri kapena itatu manyowa amakhala akuda, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi kuno kumapiri amachedwerapo, musataye mtima.

Chenjerani ndi izi. Khofi asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a mulu wonse, ndipo musamuthire wosawola pa nazale chifukwa amapinimbiritsa mbande. Muzimukwirira bwino, popeza galu akadya wambiri amadwala. Musaikemo nyama, mafupa kapena mafuta chifukwa zimakoka makoswe. Chimbudzi cha munthu, cha galu kapena cha mphaka chisayandikireko n'komwe, muli mazira a njoka za m'mimba. Zotayidwa za tsiku lililonse ziphimbidwe ndi dothi kapena udzu kuti ntchentche zisapeze poikira mazira. Mukamaliza ntchito, sambani m'manja ndi sopo.

Tikakolola mu Epulo ndi Meyi, ambiri timatentha mapesi. Utsi wake umatsokomoletsa ana ndi okalamba, ndipo nthaka imataya chakudya chimene ikanabwezeredwa. Mapesi amenewo ndiwo maziko a mulu wanu.

Tikupempha mafumu, atsogoleri a mipingo ndi makomiti a zaumoyo kuti poyendera midzi azifunsa za mulu wa manyowa monga amafunsira za chimbudzi ndi thandala. Inu bambo ndi mayi, yambani sabata ino ndi chidebe chimodzi chosungiramo zowola. Kupewa kumaposa kuchiza.