Buku la Mwana Liimbe Nyimbo ya Chinenero Chake

Pakati pa osindikiza mabuku a ana ndi omasulira awo pali chikhulupiriro chimene chazika mizu popanda wochifunsa: chakuti buku la zithunzi loyenera kuwerengera mwana mokweza ndi lokhalo limene mizere yake imathera m'mawu omveka mofanana. Chikhulupirirochi chinabwera ndi mabuku a Chingerezi, ndipo m'Chingerezimo chili ndi maziko. Kulakwa kwagona pochisenza chonsecho ndi kuchitula pa Chichewa, ngati kuti zinenero zonse zimaimba nyimbo imodzi.

Ulemu uyambe wapita kumene ukuyenera. Dr. Seuss analemba The Cat in the Hat mu 1957 ndi mawu osiyanasiyana 236 okha, ndipo mu 1960 anatulutsa Green Eggs and Ham ndi mawu 50. Mu 1999 Julia Donaldson ndi wojambula Axel Scheffler anatulutsa The Gruffalo. Mwana amene wakonda limodzi mwa mabukuwa amamaliza yekha mzere kholo likangopumira, pakuti khutu lake ladziwa kale liwu limene likubwera. Uku si kusewera chabe. Mu 1983 Lynette Bradley ndi Peter Bryant a ku Oxford anaonetsa kuti ana amene amazindikira mawu omveka mofanana asanadziwe zilembo amadzaphunzira kuwerenga mosavutikira.

Koma n'chifukwa chiyani mathero a mawu ali ofunika chotere m'Chingerezi? Kalembedwe ka chinenerocho n'kokhotakhota. Mwana sangawerenge liwu lakuti light potchula lembo limodzilimodzi. Amathandizidwa akazindikira kuti limathera mofanana ndi night ndi fight. Kafukufuku wa Philip Seymour ndi anzake wa mu 2003 anapeza kuti pakutha pa chaka choyamba cha sukulu ana a ku Finland ndi a ku Greece ankawerenga molondola mawu oposa 90 mwa 100 alionse, pamene ana owerenga Chingerezi ku Scotland sanafike ndi theka lomwe. Kwa mwana wa Chingerezi, mathero ofanana ndi ndodo yowolokera mtsinje wa miyala yoterera.

Chichewa chilibe mtsinje umenewo. Chili ndi malembo a liwu 5 okha, a, e, i, o, u, ndipo mwana wa Sitandade 1 amamanga mawu polumikiza maphatikizo monga ba, be, bi, bo, bu. Mawu ake amathera pa limodzi mwa malembo 5 amenewa, ndipo aneni ochuluka amathera pa a. Choncho mathero ofanana ali ponseponse ngati mchenga wa kunyanja, ndipo khutu silidabwa nawo. Womasulira akafuna kuti amveke mwamphamvu ngati a Chingerezi amayamba kupotoza chiganizo: mneni amamukankhira kumene Mchewa sangamuike, ndipo liwu loyenera amalitaya n'kutola lina longofanana mchira. Chotsatira chake ndi mzere umene agogo aliyense angachite nawo manyazi kuunena pamaso pa adzukulu.

Nyimbo ya Chichewa ili kwina, ndipo yambiri ili kumutu kwa mawu. Wina akati, "Kambuzi kakang'ono kakuda kakudumpha," liwu lililonse layamba ndi ka popanda wolikakamiza. Ndi agwirizanitsi a gulu la dzinalo amene achita zimenezi. Akasintha n'kuti, "Timbuzi tating'ono takuda tikudumpha," chiganizo chonse chatembenuka pamodzi, ndipo mwana wa zaka 3 amamva kusinthako n'kuseka. Amene amatamanda kafukufuku wa Bradley ndi Bryant amaiwala kuti iwo anayesanso kuzindikira mawu oyamba mofanana, osati othera mofanana okha. Chimene mlembi wa Chingerezi amachipeza ndi thukuta, malamulo a Chichewa amachipereka kwaulere.

Palinso mvekero. Mwala umagwera m'madzi kuti chubwi, wakuba amayenda nyang'anyang'a, mudzi umati zii, nsalu imayera mbee, magazi amafiira psuu. Mawu otere ndiwo amene mwana amayamba kuwalanda m'kamwa mwa womuwerengera. Palinso kukwera ndi kutsika kwa mawu, kumene kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika ngakhale kalembedwe n'kamodzi. Tsamba silionetsa kusiyanaku. Amene amakubwezeretsa ndi wowerenga mokweza. Ndiye chifukwa chake buku la Chichewa limafuna pakamwa pa munthu wamkulu kuti likwanire. Pomaliza pali kuvomerezana: wofotokoza nthano akati "Padangotero," ana amayankha "Tili tonse," ndipo pakati pa nthano pamabuka nyimbo imene iwo amaipolokoza. Mwana wa Chichewa anali ndi mbali yake m'nkhani kalekale, mzere wosiyidwa dala kuti aumalize usanafike kuno.

Ena adzati mabuku a ana m'Chichewa ndi ochepa, kotero wopempha asasankhe. Mfundoyi ikuwatsutsa eni ake omwe. Mu 2011 Jessica Horst ndi anzake a ku University of Sussex anapeza kuti ana a zaka 3 amene anamva nkhani imodzimodzi mobwerezabwereza anasunga mawu atsopano kuposa amene anamva nkhani zosiyanasiyana. Mwana akamati "Mubwerezenso," sakuvutitsa, akuphunzira. Tsono m'nyumba ya buku limodzi, chiganizo chopotoka chimalowa m'mutu usiku ndi usiku mpaka chitakhazikika. M'mera mpoyamba. Komanso lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira m'sukulu za Malawi, choncho buku lowerengedwa pamiyendo ya kholo lasenza udindo waukulu woonetsa mwana kuti chinenero chake nacho chimakoma chikalembedwa.

Palibe chifukwa chobisira ana mabuku a Chingerezi. Kholo lodziwa chinenerocho liwawerenge m'Chingerezi momwemo, ndi mathero ake onse, chifukwa ndimo muli kukoma kwake. Koma womasulira atenge nkhani ndi zithunzi, mathero awasiye kwa eni ake, ndipo m'malo mwake amange ndi agwirizanitsi, mvekero, chibwereza ndi mzere woti ana aziyankha. Wosindikiza naye asatumize buku ku makina asanalimve likuwerengedwa pakati pa ana ndi mayi wamba amene sanaonepo la Chingerezilo. Mayiyo akapunthwa pa mzere, mzerewo ukonzedwe. Ana akayamba kuyankha okha asanauzidwe, bukulo lapsa, lingathe kusindikizidwa.