Ndemanga: Tsogolo la mpasa lili m'minda mwathu

Alimi anzathu, ena mungafunse kuti nkhani ya nsomba ikufuna chiyani m'kalata ya alimi. Yankho lake n'lakuti dothi limene likupha mpasa likuchokera m'minda mwathu.

Mpasa ndi nsomba yopezeka m'nyanja ya Malawi ndi m'mitsinje yothira m'nyanjayi basi. Azungu amaitcha "lake salmon" chifukwa imakulira m'nyanja, momwe imadya usipa ndi tinsomba tina, koma ikafuna kuswana imakwera mitsinje monga Bua, Linthipe, North Rukuru ndi Songwe. Imaikira mazira pa timiyala, pamalo osaya pomwe madzi oyera akuyenda. Ana ake amakhala mumtsinje miyezi ingapo asanatsikire kunyanja.

Tsono taonani zimene tikuchita. Tadula mitengo kumapiri, ndipo madimba athu afika mpaka pagombe penipeni. Mvula ikagwa, nthaka yachonde imakokoloka n'kukakwirira timiyala tija. Mazira amasowa mpweya m'matopemo n'kufa. Nsomba zimene zapulumuka zimakumana ndi maukonde pamathiriro, mabiyo otseka mtsinje wonse ndiponso katupe, amene sasankha yaikulu kapena yaing'ono. N'chifukwa chake bungwe la IUCN lidaika mpasa pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo chotha.

Akuluakulu a kunyanja akukumbukira ntchila, nsomba imene inkadzaza mabwato m'zaka za m'ma 1950. Lero ana ambiri sakuidziwa n'komwe. Madzi akatayika saoleka.

Mtsinje wa Bua ukutiphunzitsa kanthu. Gawo lake lakumunsi limadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, yomwe bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira mu 2015, ndipo mpasa imaswanabe kumeneko. Koma Bua amayambira ku Mchinji, n'kudutsa m'minda ya fodya ndi chimanga asanafike m'nkhalangomo. Alonda a nkhalango angathe kugwira wopha nsomba mozemba, koma matope sangawagwire.

Choncho tikupempha makalabu athu onse kuti chaka chino asiye malo osalima m'mbali mwa mitsinje, ndipo abzalemo nsungwi, bango ndi mitengo yachilengedwe. M'minda yotsetsereka tikonze milambala ndi kubzala vetiva. Dothi likakhala m'munda, feteleza amene tagula modula uja amakhalanso momwemo.

Boma nalo lichitepo mbali yake. Lamulo losamalira nsomba lilipo, koma lamulo lopanda olitsata ndi pepala chabe. Alangizi a zaulimi ndi a zansomba aziyendera limodzi, osati aliyense payekha. Mlimi wosauka asangouzidwa kuti achoke pagombe. Athandizidwe ndi njira zothirira kuti madzi afike kumtunda. Mafumu athu aletse katupe ndi mabiyo m'midzi mwawo.

Msodzi wa ku Nkhotakota ndi mlimi wa ku Mchinji amamwa mtsinje umodzi. Tiyeni tiusamale.