Kuona maso a nkhono n'kudekha

Nkhono ukaigwedeza imathawira m'chigoba chake. Ukakhala phee, imatulutsa mutu pang'onopang'ono, tinyanga n'kutambasuka, maso n'kuonekera. Makolo atakayang'anitsitsa kanyama aka anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu ndikuupereka kwa inu amene mwayamba kuphunzira Chikoreya muli akuluakulu kale, ndevu kapena imvi zitamera.

Chikoreya chimalandira mlendo bwino pakhomo. Zilembo zake za Hangul, zimene Mfumu Sejong inazilengeza mu 1446, zilipo 24 zokha, ndipo wakhama amayamba kuziwerenga pa masiku owerengeka. Mpeni umakhota pofika pa kucheza. Mneni amabwera kumapeto kwa chiganizo, choncho umamvetsera mpaka mnzako atamaliza kuti udziwe ngati akupita kapena sakupita. Manambala ali mitundu iwiri: potchula nthawi, ola limatenga mtundu wina, mphindi mtundu winanso. Bungwe la Foreign Service Institute la ku America linawerengera maola pafupifupi 2,200 a m'kalasi kuti wolankhula Chingerezi achidziwe bwino. Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi n'kumati, "Mutu wanga unauma, kuwongola mtengo mpoyamba."

Ine ndikukana. Wamkulu ali ndi chuma chimene mwana sanachipeze. Ife amene tinakula tikusiyanitsa "iwe" ndi "inu" tili nacho kale chimene chimavutitsa ophunzira ambiri. Mkoreya akakufunsa zaka zako mutangodziwana, sakukupeputsa ayi. Akufuna adziwe mawu aulemu oyenera kukulankhula nawo. Akamapereka chinthu kwa wamkulu amagwira ndi manja awiri, monga momwe agogo anatiphunzitsira. Akafuna kudziwa za moyo wako amafunsa ngati wadya. Kodi zimenezi n'zachilendo kwa ife?

Chotsala ndi kudekha ndi kutsegula pakamwa. Theka la ola tsiku lililonse limaposa maola asanu a Loweruka lokha, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Poonera mafilimu a ku Korea, imitsani kanema, bwerezani chiganizo mokweza mpaka lilime lizolowere. Pezani munthu wocheza naye sabata iliyonse, mulakwitse, akukonzeni, mufunse. Safunsa anadya phula. Satifiketi ya mayeso a Chikoreya otchedwa TOPIK ndi yabwino, koma kucheza kumaphunziridwa pocheza.

Tsono musachite manyazi ndi zaka zanu. Yambani lero ndi moni, mawa muonjezere zikomo, ndipo musasiye.