Laputopu Kapena PlayStation: Mphatso ya Wotsiriza Sukulu, Gawo Lachiŵiri

Zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, m'mabanja ambiri mumabuka nkhani ya mphatso. Mwana amene wakhoza bwino amapempha makina oseŵerera, pamene kholo, limene mwina ndi mphunzitsi wodalira malipiro a pa mwezi, lili ndi ndalama zokwanira chinthu chimodzi chokha. Tsono funso ndi ili: kodi laputopu ya mtengo wapakati ingathe kupirira maseŵera a masiku ano, kapena nkwabwino kugula console, makina opangidwira maseŵera okha?

Poyamba console iyenera kupatsidwa ulemu wake. PlayStation 5 ya kampani ya Sony ndi Xbox Series X ya Microsoft zinatuluka mu Novembala 2020. Popeza makina onse a mtundu umodzi amafanana m'kati, opanga maseŵera amasoka malaya pa thupi limene akulidziŵa kale, kotero kuti wogula amangolumikiza ku wailesi ya kanema nayamba kuseŵera. Laputopu ya mtengo wofanana ndi PlayStation 5 siingapikisane nayo pa kukongola kwa zithunzi. Wokana mfundo imeneyi akungodzinamiza.

Komabe sikuti laputopu njolephereratu. Chinsinsi chake chagona pa kachipangizo kojambula zithunzi, kamene amalonda amakatcha graphics card. Malaputopu ambiri a mu ofesi alibe kachipangizoka pakokha, ndipo amangokwanitsa maseŵera akale kapena opepuka. Koma laputopu yokhala ndi Nvidia GeForce RTX 3050 kapena RTX 4050, memory ya 16 GB ndiponso SSD, imayendetsa maseŵera ambiri atsopano, malinga mwini wake avomere kuchepetsa mithunzi ndi zokongoletsa zina. Muyeso wake ndi kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi imodzi: zikafika 60 seŵero limayenda myaa, zikatsika pansi pa 30 limayamba kudukiza. Wogula asatengeke ndi chizindikiro cha Core i7 chomatidwa pamwamba, pakuti dzinalo lakhalapo kuyambira 2008 ndipo limapezeka pa makina akale ndi atsopano omwe. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Laputopu ili ndi zofooka zina ziŵiri. Choyamba ndi kutentha. Thupi lake ndi lopyapyala, ndipo fumbi la m'chilimwe likatseka timazenera ta mpweya, makinawo amadzichepetsera okha liŵiro kuti asapse. Chachiŵiri nchakuti ikachotsedwa ku magetsi ndi kudalira batire, mphamvu yake pa maseŵera imatsika ndithu.

Nanga nchifukwa ninji wotsiriza sukulu ayenera kusankhabe laputopu? Chifukwa choyamba ndi magetsi. PlayStation 5 imadya pafupifupi mawati 200 pa seŵero lolemera, osaŵerengera wailesi ya kanema, ndipo magetsi akazima imasanduka bokosi chabe. Laputopu imapitiriza ntchito yolemba ndi kuŵerenga ngakhale nyumba ili mu mdima.

Chifukwa chachiŵiri ndi ndalama zobisika. Maseŵera ena aakulu amaposa 100 GB, ndipo mtolo wa intaneti wotere umapweteka mwini console ndi mwini laputopu chimodzimodzi. Kusiyana kwake nkwakuti wofuna kupikisana ndi anzake pa intaneti pa maseŵera ogula a PlayStation ayeneranso kulipira PlayStation Plus, pamene msika wa Steam, umene kampani ya Valve inatsegula mu 2003, sulipiritsa msonkho wotere. Zonsezi zimagulidwa kunja, ndipo amene anaona kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023 akudziŵa kuŵaŵa kwake.

Chifukwa chachitatu, chimene chiposa zonse, ndi tsogolo la mwanayo. Console siilemba kalata yofunsira ntchito. Siiphunzitsa kutaipa kapena kuŵerengera ndalama pa Excel. Wofuna malo ku sukulu za ukachenjede za boma amadzaza mafomu pa intaneti, ndipo akasankhidwa adzafunika makina olembera ntchito za m'kalasi kwa zaka zinayi kapena kuposerapo. Mphunzitsi nayenso, mwana akagona, angathe kukonzerapo mayeso a ophunzira ake ndi kusungirapo malikisi. Chomwecho laputopu imabweza ndalama zimene inadya, pamene console imangopemphabe zina.

Motero banja limene lili kale ndi kompyuta yogwirira ntchito, ndipo lili ndi ndalama zapadera, lisachite manyazi kugula console, pakuti kuseŵera si tchimo. Koma banja limene lingathe kugula makina amodzi okha ligule laputopu yokhala ndi graphics card, ndipo mwanayo auzidwe chilungamo asanapite ku sitolo: zithunzi zake sizidzafika pa za mnzake wa PlayStation. Akafuna zonse pa mtengo wa chimodzi, akumbutsidwe kuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Gawo lotsatira lidzafotokoza zoyenera kuyang'ana pogula laputopu yogwirapo kale ntchito.