TISANAGULE CHIGAYO, TIYAMBE TAGULA KOPE

Abale ndi alongo a nthambi yathu,

Pa msonkhano wathu wapita uja panabuka nkhani yakuti tisonkhe ndalama za mtedza ndi soya, tionjezepo ngongole, tigule chigayo. Mau ake anali okoma ndipo m'manja munaombedwa kwambiri. Ena anafuna kuti ine, pokhala mlembi ndiponso mphunzitsi, ndichezere usiku womwewo kulemba pulani yonse yokaonetsa kwa obwereketsa ndalama. Ndinakana, ndipo ndidziwa kuti ena anapita kwao akung'ung'udza. Tsono ndiloleni ndilongosole.

Kulemba pepala lokongola usiku umodzi ndingathe ndithu. Koma manambala ake ndikanawatenga kuti? Ndikanangowapeka, ndipo ngongole yotengedwa ndi manambala opeka timaibweza ndi mbuzi zenizeni za m'khola. Kusukulu ya uphunzitsi anatiphunzitsa kugawa ntchito ya chaka m'masabata, ndi kukonza phunziro la mawa titaona mmene ana amvera la lero. Pulani ya malonda nayonso itero: ndi mafunso angapo, ndipo funso lirilonse liri ndi nyengo yake yoliyankhira.

Tsamba loyamba lifunse kuti, kodi adzagayitsa ndani? Limeneli ndilo funso lalikulu, ndipo silingayankhidwe m'mwezi umodzi. M'miyezi ya May ndi June nkhokwe ziri zodzaza, ndipo amayi amandanda ndi ndowa zao pa chigayo cha kumsika kuyambira mbandakucha. Munthu woona mzere umenewo ayesa kuti chigayo ndi mgodi wa ndalama. Koma apitenso mu January ndi February, pamene chimanga chatha m'mabanja ambiri, ndipo wobwerayo wanyamula kambale kogula dzulo pamsika. Kodi tidzaliza injini chifukwa cha timbale titatu? Komatu ngongole siidziwa kuti uno ndi February. Ifuna gawo lake mwezi ndi mwezi. Chifukwa chake ndipempha kuti tisankhe amayi awiri aziwerenga ndowa zolowa pa chigayo chija, tsiku limodzi la msika ndi tsiku limodzi wamba mwezi uliwonse, kuyambira nyengo yokolola kufikira nyengo ya njala. Ndanena amayi dala, pakuti ndiwo adziwa amene afuna mgaiwa ndi amene ayamba akonoletsa, ndiponso midzi imene ingasiye chigayo chakale ndi kudza kwathu. Ife abambo timangoona nsima iri pambale.

Tsamba lachiwiri ndi la mtengo, ndipo mtengo wa chigayo si injini yokha. Pali nyumba yake, simenti ya maziko, malamba oduka, masefa obooka, nyundo zakutha, oyilo, dizilo ndi malipiro a mnyamata wogaya. Za malita a dizilo amene apsa pogaya matumba khumi a makilogalamu 50 tikafunse munthu amene agaya tsiku ndi tsiku. Wogulitsa makina kapena sanama, koma sanena zonse.

Mkulu wina, amene ndimlemekeza, anati tikamazengereza mitengo itisiya. Sanalakwe. Mu May 2022 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 pa 100 alionse, ndipo mu November 2023 ndi 44, ndipo makina ndi dizilo zomwe zichokera kunja kwa dziko. Koma zimenezi zingotiphunzitsa kulemba mitengo ndi pensulo, ndi kuikapo tsiku limene tinaimva, kuti tizifufuta ndi kukonzanso. Chiwerengero cha ndowa ndi cha malita chokha tilembe ndi inki, pakuti chimenecho sichigwa pamodzi ndi kwacha. Munthu wokhala ndi manambala awiriwo angathe kuwerengera phindu m'mphindi zochepa pa mtengo uliwonse watsopano.

Tsamba lachitatu ndilo lovuta kulinena tikuyang'anana m'maso. Adzasunga ndalama ndani, ndipo adzaziwerenga pamaso pa yani? Kodi akazi a wapampando adzalipira monga wina aliyense? Nanga pamaliro tidzagaya ndowa zingati zaulere? Lamulo la makoparetivi linadza m'dziko lino mu 1946, ndipo masitolo ambiri amene makolo athu anatsegula mogwirizana anagwa msanga. Pakati pa zimene zinawagwetsa panali kukongoza katundu kwa mamembala eni ake ndi kusasunga bwino mabuku a ndalama. Malamulo otere alembedwe tsopano m'bokosi mulibe ngakhale tambala, pamene palibe amene angati anena ine.

Masamba atatuwa akadzaza, pepala la kwa obwereketsa ndidzalilembadi usiku umodzi, pakuti lidzangokhala kukopera. Mwina manambala adzatiuza kuti mudzi wathu sungadyetse zigayo ziwiri. Zikadzatero tidzakhala tataya kope limodzi, ndalama za mtedza zikali m'manja mwa eni ake.

Kope ndagula kale ndi ndalama zanga, ndipo ndalemba mizere ya miyezi patsamba loyamba. Amayi amene angadzipereke pa ntchito yowerenga ndowa adze adzatchule maina ao pa msonkhano ukudzawu, kapena andipeze kusukulu ana ataweruka.

Ine wanu,
Mlembi wa Nthambi