Chiphaso cha singano sichikwanira pa zitsamba

Akonzi,

Ndipatseniko mpata m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhulepo za asing'anga a njira ya Chitchaina amene amachiza pobaya odwala ndi timasingano, chithandizo chomwe amati acupuncture. M'maiko ambiri akunja anthuwa amagwira ntchito ndi chiphaso cha boma. Pomwe pagona mkangano ndi apa: kodi chiphaso chobayira singano chimulolenso munthu kupereka mankhwala azitsamba?

Ine ndikuti ayi, pokhapokha atayesedwa mayeso a zitsambazo. Setifiketi yanga inandilola kuphunzitsa ku pulayimale, osati kukaima pamaso pa ana a Fomu 4, ngakhale choko chake n'chimodzi. Komanso singano ikalakwika malo imazulidwa. Nanga chimene wodwala wamwa muchizula bwanji?

Taonani zimene zidachitika ku Belgium. Pakati pa 1990 ndi 1992 chipatala china mumzinda wa Brussels chinkapatsa amayi ofuna kuchepetsa thupi mankhwala osakaniza ndi mizu yochokera ku China. Muzu wofunikawo, Stephania, udasinthanitsidwa ndi wina wapoizoni, Aristolochia, chifukwa m'Chitchaina maina a yonse iwiri amathera ndi mawu akuti fang ji. Amayi oposa 100 impso zawo zidawonongeka. Ambiri adafika podalira makina osefa magazi kapena kuikidwa impso ya munthu wina, ndipo ena adadzadwala khansa ya m'njira ya mkodzo. Tsono mvetsani, awerengi: amene ankalemba mankhwalawo adali madokotala enieni a mapepala awo. Kungoti mapepalawo sadali a zitsamba.

Anzathu a ku Australia ndiwo adaitha. Chigawo cha Victoria chidakhazikitsa lamulo mu 2000, ndipo kuyambira 2012 dziko lonse lili ndi kaundula wogawidwa patatu: wobaya singano, wolembera wodwala zitsamba, ndi wosakaniza n'kupereka zitsambazo. Wofuna zonse aonetse kuti adaphunzira zonse. Ena amadandaula kuti izi n'kuchulutsa sukulu ndi ndalama. Nzoona, koma impso mtengo wake ndi wotani?

Kuno kwathu timabotolo tolembedwa Chitchaina tidafika kale m'misika ya m'tauni, ndipo ana athu amatitumizira kumudzi. Abusa ndi akulu ampingo, inu amene mumayendera odwala, mukapeza kabotolo kotere pafupi ndi mphasa, funsani adapereka ndani, ndipo muuzeni wodwalayo akatengere kuchipatala adokotala akakaone.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Dedza.